Mwana Akajomba, Yambani Mwafunsa

Ahedi akakuitanirani mu ofesi n'kukuuzani kuti kuyambira teremu ino ndinu mlangizi wa ana pasukulu, musayembekeze kuti akuchepetserani mapiriyodi kapena kukupatsani chipinda chanuchanu. M'sukulu zambiri za boma kuno kwathu mulibe munthu amene analembedwa ntchito ya uphungu yokhayokha. Amaloza mphunzitsi wooneka woleza mtima, kapena amene wangofika kumene kuchokera ku koleji poti sangakane. Ndinu amene ndikulankhula nanu, ana anga, ine amene choko chandiyeretsa mutu. Mudzaphunzitsa masamu anu monga mwa masiku onse, ndiye pa buleki mnzanu adzakukokerani mwana amene wasowa sabata ziwiri, kapena wagenda mnzake ndi mwala, n'kunena kuti, "Tamuuzeni uyu, ife watikwana."

Mnzanuyo akufuna kuti mumuopsezere mwanayo. Oopseza ana pasukulu alipo kale ambiri, ndipo inu simunasankhidwe kuti muwonjezere chiwerengero chawo. Ntchito yanu ndi yofufuza chimene chikumusowetsa mwanayo m'kalasi, kapena chimene chikumuwawa mpaka kufika pogenda anzake.

Musanalankhule naye, pitani mukabwereke rejisitala. Aphunzitsi ambiri amaiona ngati mtolo umene a PEA, oyang'anira sukulu za m'zoni, amafuna akabwera kudzayendera, koma mukaitsegula modekha, chala chikuyenda pa mzere wa mwana mmodzi kuchokera mu Seputembala mpaka lero, imakuuzani zambiri zimene mwini wake sangakuuzeni. Wina amajomba tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, ndipo mukafunsa mupeza kuti ndi tsiku la msika, amakagulitsa zitumbuwa za amayi ake kapena kukasenza katundu wa amalonda. Wina amabwera bwinobwino teremu yoyamba yonse, koma kuyambira Januwale mpaka Malichi mzere wake uli mabowo okhaokha. Ameneyo kwawo nkhokwe yatha, ali kuganyu yopalira ndi kubandira m'minda ya eni kuti madzulo pakhale ufa. Mtsikana wa sitandade 6 amasowa masiku atatu kapena anayi mwezi ndi mwezi, ndipo ngati simunazindikire chifukwa chake, kaoneni chimbudzi cha atsikana ngati chili ndi chitseko ndi madzi. Ku Kasungu ndi ku Mchinji ana amasowa nthawi yothyola ndi kusoka fodya. Ku Nkhotakota ndi ku Mangochi mnyamata amene wachezera usiku panyanja kudikira usipa sangakhale pabenchi m'mawa, akakhalapo ndiye kuti akuwodzera. Kwina teremu imatsegulidwa ana akadali kusimba kapena kudambwe. Kwina mtsinje ukadzadza kulibe mlatho.

Palinso ena awiri amene rejisitala imawaonetsa mwakachetechete. Woyamba amajomba tsiku limodzi pakapita mwezi kapena miyezi ingapo, ndipo mukamufunsa amangoti anatumidwa. Mwina amakatenga mankhwala ake kuchipatala ndipo sakufuna kuti anzake adziwe. Musamuumirize kutchula matenda. Wachiwiri amabwera m'mawa, kuyankha dzina, koma ikakwana piriyodi ya mphunzitsi wakutiwakuti sapezeka. Pamenepo mlandu suli kunyumba ayi, uli mumpanda mwathu momwemuno.

Musawadabwe aphunzitsi anzanu kuti izi saziona bwanji. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene ana anachoka pochepera 2 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, makalasi athu sanapumepo. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'sitandade 2 amaitana mayina mothamanga kuti apeze nthawi yophunzitsa, sangasunge m'mutu kuti wasowa lero ndi yemwe anasowa Lachinayi lapita. Lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense aphunzire pulayimale mokakamizidwa, zoona, koma lamulo silimupatsa mwana chakudya cha m'mawa. Funsani aphunzitsi a m'sukulu zimene zimaphikidwa phala, monga la Mary's Meals amene anayambira ntchito yawo kuno ku Malawi, akuuzani mmene kalasi imakhalira sabata imene ufa wachedwa kufika.

Tsopano mwamuitana mwanayo. Khalani naye pamalo poti anthu akukuonani koma sakukumvani, kaya pansi pa mtengo wa mango, kaya pakhonde la kalasi yopanda anthu. Inu aphunzitsi aamuna, musadzitsekere m'chipinda ndi mtsikana ngakhale mtima wanu uli woyera bwanji. Itanani madamu mnzanu kapena mayi wa m'gulu la amayi la pasukulu akhale chapafupi. Ndodo isiyeni mu sitafu, ndipo mwanayo asagwade, mupatseni pokhala.

Mukayamba ndi "Wajomberanji?" mwatseka kale khomo. Mwana wa kwathu kuno analeredwa kuti wamkulu akakwiya uziyang'ana pansi, ndiye adzakanda dothi ndi chala cha kuphazi n'kuyankha kuti, "Palibe, sala," kapena "Ndimadwala mutu." Mufunseni zina zooneka ngati zachabe. Umakhala ndi ndani? Dzulo madzulo munadyera ndiwo zanji? Madzi amatunga ndani m'mawa? Ang'ono ako alipo angati? Mtsikana wina wa sitandade 7, amene aphunzitsi onse anali atamutcha waulesi chifukwa chofika dzuwa litakwera, anayankha mafunso oterewa mmodzimmodzi, mawu ali pansipansi. Amayi anapita ku Joni chaka chatha ndipo foni inasiya kulira. Agogo maso anachita khungu. Iye ndiye amadzuka kukadali mdima kukaima pamzere kumjigo, kusambitsa ang'ono ake awiri, kuwasiyira agogo phala pamoto, kenaka kuthamangira kusukulu kumene amamulandira ndi khasu kuti akalambule bwalo chifukwa chochedwa. Atafika pa nkhani ya khasuyo anasiya kulankhula, misozi ili mbwembwembwe. Akangokhala chete choncho, nanunso khalani chete. Aphunzitsife timaopa bata, timafuna kulidzaza ndi ulaliki, pamene mwanayo akusonkhanitsa mphamvu zonenera chachikulu chimene wasunga.

Za zilango ndili ndi maganizo amene anzanga ena sagwirizana nawo, koma ndiwanena. Mwana wajomba masiku asanu, wabwera lachisanu ndi chimodzi, ife n'kumupatsa dzenje la zinyalala kuti akumbe anzake akuphunzira. Ndiye kuti tamuwonjezera tsiku lina losaphunzira, ndipo mawa akaganiza za dzenje sabweranso. Kumuimitsa sukulu sabata ziwiri chifukwa chojomba ndiye n'zoseketsa kumene. Nanga zija timati, "Pita, ukabwere ndi makolo ako"? Mwana amene alibe womubweretsa amangokhala kunyumba mpaka dzina lake lifufutidwe. Wochenjera amakagwira wakabaza pa siteji, kumulonjeza kangachepe kuti adzakhale malume kwa mphindi khumi, ndipo malume ogulawo amakalipa kuposa malume enieni. Kukwapula ndiye Unduna wa Maphunziro unaletsa, ngakhale tonse tikudziwa kuti ndodo zikadali kuseri kwa makabati.

Sindikunena kuti mwana asamalangidwe. Wamenya mnzake ayenera kudziwa kuti walakwa, apepese, agwire ntchito ataweruka. Koma inu musakhale mu komiti yoweruza milandu. Ahedi akakuikanimo, apempheni mwaulemu kuti asankhe wina. Mwana sangakuululireni Lolemba kuti anzake amamupatsa chamba kudimba, podziwa kuti Lachitatu mudzakhala patebulo lomuchotsa sukulu.

Za mwano ndi phokoso, yang'anani kaye kumbuyo kwa kalasi. Kumeneko kumakhala anyamata a zaka 15 kapena 16 amene akadali sitandade 5 kapena 6, abwereza kangapo, mawu anayamba kale kukula, akuphunzira ndi tiana tofika m'chiuno mwawo. Mutengereni mmodzi pambali, mupatseni buku la sitandade 2 kuti awerenge. Kawirikawiri mupeza kuti satha kulumikiza maphatikizo. Wakhala akukopera za pabolodi zaka zonsezi, ndipo pamene maphunziro afika podalira Chingerezi wasokonekeratu. Kwa mnyamata wa msinkhu umenewo kuli bwino kutchedwa wovuta kusiyana n'kusekedwa kuti ndi mbuli, ndiye amayamba iye chipongwe asanalozedwe kuti awerenge. Mankhwala ake ndi theka la ola la kuwerenga pamalo poti anzake sakumuona, ndi kumupatsa kaudindo, kaya kusunga mpira kaya kuimba belu. Wina amene mumati ndi wamwano chifukwa sayankha mukamuitana ali ndi khutu lotuluka mafinya, sakumvani. Wina salemba chifukwa bolodi saliona. Wina amangoti duu kwa kamphindi, maso ali tong'o, aphunzitsi n'kumati akuwaderera, pamene ndi mtundu wina wa khunyu. Amenewa atumizeni kuchipatala, ndipo funsani ku TDC, likulu la sukulu za m'zoni yanu, kuti akuuzeni kumene kuli mphunzitsi wa maphunziro apadera, mwa aja amaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi uja amene palibe amamudandaula. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwana amene anali wansangala n'kungozizira mwadzidzidzi, malikisi kutsika, kudzipatula pa buleki, ameneyo muitaneni ngakhale palibe wakubweretserani.

Chimene mwana wakuuzani chisafike mu sitafu. Ndikubwereza, chisafike. Mu sitafu nkhani imayenda ndi tiyi, ndipo pofika madzulo ili pamjigo. Mukaulula za mwana mmodzi, sukulu yonse idziwa kuti kwa inu sikopita, ndipo udindo wanu watha ngakhale dzina likadali pakhoma la ofesi. Komabe chinsinsi chili ndi malire, ndipo malirewo muuzeni mwanayo poyambirira, kuti akakuuzani zoti wina akumuchita nkhanza, kapena zoti akuganiza zodzipha, mudzafunika kuitana ena othandiza. Nkhani ya kugwiriridwa si yanu nokha, si ya ahedi okha, si yokambirana pabwalo la amfumu n'kulipitsana mbuzi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ku boma kuli a zachisamaliro cha anthu, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere. Mwanayo afike kuchipatala msanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa asanathe maola 72.

Povuta penipeni ndi pamene wolakwayo ndi mphunzitsi mnzanu, amene mumadyera naye limodzi chipisi pa buleki. Adzabwera akuluakulu kudzakunong'onezani kuti, "Tisamuonongere ntchito mnzathu, ali ndi ana, angomusamutsa." Kumene akamusamutsireko kulinso ana a eni. Lembani zimene mwamva, tsiku ndi nthawi, mupereke kumene zikuyenera kupita. Ena adzasiya kukupatsani moni, ndipo muzolowere.

Mtsikana akapezeka ndi pakati, musalole kuti nkhani ithere pa kulira ndi kukalipa. Kuyambira 1993 boma linalola kuti wotere abwerere kusukulu akabereka, ndipo ndondomekoyi inakonzedwanso mu 2018. Makolo ambiri sadziwa, ena amadziwa koma amaona kuti ukwati ndiwo uchotse manyazi. Akumbutseni kuti chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017, ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa, ndipo mafumu ena, monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, anathetsa maukwati otere n'kubweza ana kusukulu. Tinaona tonse mu 2020, sukulu zitatsekedwa miyezi yambiri chifukwa cha Covid-19, mmene mabenchi a atsikana anatsalira opanda anthu. Koma kalata yomubweza siikwanira. Tsiku limene wabwerera, anzake adzamuitana "amake mwana," ndipo mphunzitsi wina adzamuchitira chitsanzo m'kalasi. Mukapanda kukonzeratu zimenezo, sabata yachiwiri simumuonanso.

Kunyumba kwa mwana pitani, koma musapite nokha ndiponso musapite ngati wapolisi. Tengani mayi wa m'gulu la amayi, iwo amadziwa khomo lililonse ndi zimene zikuchitikamo. Mukafika odirani, khalani pamphasa imene akuyalirani, funsani za moyo ndi za kumunda, nkhani ya sukulu ibwere pambuyo. Musayambe ndi kuwerenga milandu ya mwanayo, yambani ndi chabwino chimene mwamuona nacho. Kholo limene lazolowera kuitanidwa kukanyozedwa likamva kuti mwana wake ali ndi mutu wa masamu, limakhala tsonga. Kumadera a chikamwini dziwani kuti mawu a atsibweni, eni mbumba, nthawi zina amalemera kuposa a bambo womubereka, ndiye mukagwirizana ndi bambo okha mwagwira ntchito theka. Ndipo pemphani zotheka. Mayi amene amadalira mwana tsiku la msika simungamuuze kuti asiye geni. Mungagwirizane kuti mwanayo azipita kumsika akaweruka.

Mudzafuna kugulira aliyense sopo, makope ndi yunifolomu kuchokera m'thumba mwanu. Malipiro a mphunzitsi tonse tikuwadziwa, simufika nawo patali, ndipo mwana amene mwamuzoloweza adzasweka mtima tsiku limene mudzasamutsidwe. Kuli bwino mudziwe njira: komiti ya sukulu, amfumu, mipingo ndi mizikiti, mabasale a ku khonsolo kwa ana a sekondale, ndi Mtukula Pakhomo kwa mabanja ovutikitsitsa. Ena mudzawataya ndithu, adzapita kunyanja, ku esiteti kapena kubanja mutayesetsa zonse, ndipo zidzakuwawani.

Amene wabwerera, musamuiwale poti wabwerera. Mukamuona pa asembule mutchuleni dzina, mumufunse za agogo ake. Sungani kope lanu lobisika bwino, ndipo muwapemphe aphunzitsi a kalasi iliyonse kuti mwana akasowa masiku atatu otsatizana azikupatsani dzina lake tsiku lachitatu lomwelo, osadikira kutha kwa teremu. Pofika kumapeto kwa teremu mtsikana uja amakhala atalowa kale m'banja, mnyamata ali ku esiteti ya fodya. Lolemba likubwerali kapempheni marejisitala onse, muyambire sitandade 5.