Mfuti yakale ya .303 ndi mbawala za ku Britain: zipolopolo zake n'ziti?

Amene agogo awo anali asilikali a King's African Rifles mfuti ya Lee-Enfield amaidziwa, ngakhale pa chithunzi chokha: yaitali, yokutidwa ndi thabwa, yolemera pafupifupi makilogalamu 4. Ku Britain nkhalamba imeneyi sinapume pantchito. Alenje ena amalowa nayobe m'thengo kukasaka nyama zija eni dziko amati deer, zimene amphongo ambiri amathothoka nyanga chaka ndi chaka. Kwathu nyamazi kulibe, ndiye pano tingozitcha mbawala. Munthu akapeza chilolezo cha apolisi n'kugula mfuti yotere, mafunso ake amakhala awa.

Kodi mfuti ya zaka 80 kapena 100 ingagwetsedi mbawala?

Ingagwetse, bwinobwino. Chipolopolo cha .303 British chinayamba mu 1888, ndipo chagwetsa nyama zazikulu kuposa mbawala ku Canada, ku Australia ndi kuno ku Africa. Pa mtunda wa mayadi 150 kapena 200 mphamvu zake n'zokwanira ngakhale pa red deer ya kumapiri a ku Scotland, imene ndi yaikulu pa mitundu 6 ya mbawala za ku Britain. Chokayikitsa si mphamvu ayi, koma mpope wa mfuti yanuyo.

Ndiye ndiyambire kusitolo?

Yambirani kwa mmisiri wa mfuti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: thabwa likhoza kukhala lonyezimira pamene m'kati mwa mpope munadyeka kalekale. Mmisiri aone zinthu zitatu. Choyamba, tingalande ta mumpope timene timazunguza chipolopolo. Chachiwiri, pakhosi pa mpope, pamene moto umayambira, chifukwa onga wakale wa cordite unkatentha kwambiri n'kumakukuta pamenepo. Chachitatu, mpata wa pakati pa chotsekera ndi tako la chipolopolo, umene amautcha headspace. Pa Lee-Enfield za mtundu wa No. 4 mutu wa chotsekera umasinthika, ndipo mitu yake ili ndi manambala 0 mpaka 3, choncho mpata ukakula nthawi zambiri umakonzeka.

Nanunso muziyang'ana chigoba chilichonse mukaomba. Mukaona kamzere kowala kozungulira pamwamba pang'ono pa tako, mkuwa watamuka mpaka kupyapyala. Lekani pomwepo.

Pali zipolopolo zotsala kunkhondo zotsika mtengo. Sizingathandize?

Za pachandamale mwina, za nyama ayi. Chipolopolo cha asilikali cha Mk VII, chimene chinayamba mu 1910, chinakutidwa ndi chitsulo mpaka kunsonga. Sichifutukuka. Nthawi zina chimangoboola kabowo ngati ka msomali n'kupitirira, nthawi zina chimagubuduka m'thupi mosadziwika kolowera, mbawala n'kuthawa ndi bala kukafera kutali mawa lake. Lamulo nalo likukana. Deer Act ya 1991, ya ku England ndi Wales, imafuna chipolopolo cha nsonga yofewa kapena yamphako, ndipo ku Scotland nako amafuna chofutukuka.

Zinthu zinatembenuka modabwitsa apa. Zipolopolo zofutukuka za .303 zinatchuka ndi fakitale ya Dum Dum pafupi ndi Calcutta m'zaka za m'ma 1890, ndipo pangano la ku Hague la 1899 linaziletsa pankhondo ati n'zankhanza. Lero zomwezo ndizo lamulo limakakamiza mlenje, chifukwa zimapha nyama msanga.

Vuto lina ndi dzimbiri. Kadiso koyatsira onga ka zipolopolo zambiri zakale kamasiya mchere mumpope, mcherewo n'kumakoka chinyontho. Mafuta sauchotsa. Asilikali ankathira madzi owira kudzera pa fanulo, ndipo inunso mukaombera zimenezi muyenera kutero tsiku lomwelo. Komanso zina zimachedwa kuphulika: mwakhethemula, kwangomveka kuti tha, kenako zii. Musatsegule chotsekera. Lozetsanibe mfuti kuchandamale, muwerenge mpaka 60.

Nanga ndikapala nsongayo ndi tupa kuti mtovu uonekere?

Musayerekeze. Chipolopolo cha asilikali n'chotsegula kutako. Mukachitsegulanso kutsogolo, mtovu ukhoza kuphulukira kunja chikopa chake n'kutsalira mumpope. Chotsatiracho chikakachipeza pamenepo, mfuti ikhoza kukuphulikirani kumaso.

Ndigule za 150 grain kapena za 180?

Apa ndiye pagona nkhani. Grain ndi muyeso wa kulemera kwa mutu wa chipolopolo: 150 ndi magalamu 9.7, pamene 180 ndi magalamu 11.7. Ine mtima wanga uli pa 180. N'choyandikana ndi cha 174 chimene mfutiyi inazolowera, n'chachitali ndiye chimagwira bwino pakhosi podyeka, ndipo poti sichithamanga kwambiri sichiononga nyama yambiri. Mukasenda roe deer, kambawala kongofanana ndi mbuzi, kusiyanako mumakuona ndi maso. Ku England ndi Wales za 180 zilibe mlandu. Pa mbawala zambiri lamulo limafuna mpope wosachepera .240 ndi mphamvu zosachepera 1,700 foot-pounds, pamene izi zimafika cha m'ma 2,400.

Mukadutsa malire kulowa Scotland nkhani yasintha. Kumeneko lamulo la 1985 limatchulanso liwiro: chipolopolo chituluke pakamwa pa mfuti chikuthamanga mafiti osachepera 2,450 pa sekondi. Tsono werengani pa katoni ya 180 grain ya Remington, Winchester kapena Federal: 2,460. Mpata wake ndi mafiti 10 okha, ndipo nambalayo anaiyeza pa mpope watsopano wa kufakitale. Mpope wanu wotopa, m'mawa wa chisanu, ukhoza kuperewera. Mukakhala ndi No. 5 yaifupi ija amati Jungle Carbine, musadzivute n'komwe. Za 150 grain zimathamanga pafupifupi mafiti 2,650 mpaka 2,700, ndiye ku Scotland n'zimene zimakugonetsani tulo. Mbawala payokha kusiyana kwa mafiti 20 sikudziwa, koma chilolezo chanu cha mfuti n'chimene chili pamoto. Mukafuna kutsimikiza, bwerekani kamakina koyezera liwiro kumalo ophunzirira kuombera.

Ndagula zodula, koma zikumwazika pachandamale. Chalakwika n'chiyani?

Yang'anani tako la mutu wa chipolopolo. Zamakono zambiri n'zosongoka kumbuyo, zija amati boat-tail, kuti zizidula mphepo pa mtunda wautali. Mpope wodyeka suzikonda, chifukwa mpweya wotentha umadutsa m'mbali chipolopolo chisanagwire tingalande. Cha tako lophwatalala chimafufuma pang'ono moto ukachimenya, n'kutseka mpatawo.

Ndinaziona ndi maso anga pa No. 4 ya mnzanga wina, ya tingalande tiwiri tokha ngati zambiri zimene mafakitale a Savage ndi Long Branch anapanga pa nkhondo yachiwiri. Pa mayadi 50 anaombera zisanu. Titafika pa pepala tinapeza mabowo atatu okha, ndipo awiri anali aatali ngati njere ya mpunga: chipolopolo chinafika chammbali. Mwini wake nkhope inagwa, akuti mfutiyi yatha, ndikaipachike pakhoma. Mdala wina amene ankaombera pambali pathu anangopisa m'thumba, n'kumupatsa zisanu za 180 za tako lophwatalala. Zonse zinalowa malo oti n'kuwaphimba ndi chikhatho.

N'chifukwa chake ndimati musagule makatoni 10 a mtundu umodzi. Gulani katoni imodzi imodzi, mitundu itatu kapena inayi, kaya Prvi Partizan ya ku Serbia, kaya Sellier & Bellot ya ku Czech Republic, kaya ya ku America imene mwaipeza. Ombani zitatu zitatu mutatsamiritsa mfuti pa thumba la mchenga, mpope uzizizira pakati. Mfuti ziwiri za fakitale imodzi, chaka chimodzi, zikhoza kukonda zosiyana. Imene yanu yasankha, bwererani mukagule zambiri za nambala yomweyo ya pa katoni.

Za .308 zimapezeka paliponse. Sizingalowe?

Ayi. Chigoba chake n'china, ndipo mutu wa .303 ndi wonenepa, mainchi .311 kapena .312. Ngakhale amene amadzaza okha zigoba kunyumba akaikamo mutu wa .308, nthawi zambiri umangogwedera mumpope. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: ku Ishapore, ku India, m'zaka za m'ma 1960 anapanga Lee-Enfield ya mtundu wa 2A ndi 2A1, yooneka ngati inzake koma ya zipolopolo za 7.62 NATO. Werengani zimene zinadindidwa pa chitsulo, osati zimene wogulitsa wanena.

Ndikuloza pakati koma chikugunda pamwamba. Ndi zipolopolo kapena ndine?

Mwina si inu. Zoyang'anira za mfutiyi anazikonzera Mk VII ndi mitunda ya pankhondo. Kabowo kakakulu ka pa No. 4 n'ka mayadi 300, ndipo manambala a pa makwerero ake amayambira pa 200. Mbawala zambiri za m'nkhalango zimaombedwa pafupi kuposa pamenepo, choncho chipolopolo chimadutsa pamwamba pa malo amene mwaloza, nthawi zina n'kungopala msana. Mankhwala ake n'kuika kachitsulo ka kutsogolo kotalikirapo, ndipo timapezeka ta misinkhu yosiyanasiyana. Mukasintha mtundu wa zipolopolo, bwererani pa pepala musanapite kuthengo.

Tikumva kuti mtovu uletsedwa. Zikatero?

N'zoona. Mu July 2025 boma la Britain linalengeza kuti lithetsa zipolopolo zambiri za mtovu pang'onopang'ono, ndipo ogula nyama ya m'tchire ena anayamba kale kukana yophedwa ndi mtovu. Ku California anauletsa pa ulenje wonse kuyambira July 2019. Kwa mwini .303 nkhaniyi njowawa. Mitu ya mkuwa ya muyeso wa .311 ilipo koma njosowa, ndipo mkuwa ndi wouma, sufufuma msanga kuti utseke mpope wodyeka. Umafunanso liwiro kuti ufutukuke m'nyama, ndiye sankhani wopepuka, 150 kapena kucheperapo, ndipo mtunda muufupikitse. Yambani kuyesa tsopano, za mtovu zikadali pa shelefu zoti muyerekezere.

Chipolopolo chachiwiri chimakana kulowa ndikakankha chotsekera. Mfuti yafa?

Sinafe, mwangolongedza molakwika. Chigoba cha .303 chili ndi mkombero kutako. Mkombero wa chapamwamba ukakhala kumbuyo kwa wa chapansi, zimakolana, ndipo mbawala yovulala imakhala ikulowa m'tchire inu mukulimbana ndi chitsulo. Polowetsa m'magazini, chilichonse mkombero wake ukhale kutsogolo kwa chimene chili pansi pake. Magazini imatenga 10, koma kuthengo zinayi kapena zisanu n'zokwanira, ndipo zikachepa sizikolana kawirikawiri.