Phunziro: Tisanaike Pulogalamu Yoyesera pa Makina Athu

Chaka chilichonse mu June kampani ya Apple imaonetsa iOS yatsopano, koma anthu onse amailandira cha mu September. M'miyezi ya pakatiyi imatulutsa pulogalamu yoyesera, yomwe imatchedwa beta, kwa aliyense wofuna kuilawa. Google imachitanso chimodzimodzi ndi Android, ndipo Microsoft ili ndi ndondomeko ya Windows Insider, yomwe idayamba mu 2014. Ambirife timakopeka: ndani safuna kuona zatsopano anzake asanazione? Koma laputopu yomwe tikufuna kuyeserapoyo ndi yomweyo yomwe ikusunga zolemba za kafukufuku wathu, manotsi a semesita yonse ndi malipoti a ku mpingo. Tiyeni tione chomwe timavomera tikadina batani lolowera.

1. Beta ndi nyumba yosatha kumanga

Windows, iOS ndi Android ndi mapulogalamu aakulu omwe amayendetsa china chilichonse m'makina: kiyibodi, batire, Wi-Fi, ngakhale kusunga mafayilo. Kampani singayese pulogalamu yotere pa makompyuta a mitundu yonse yomwe ili padziko, choncho imapempha anthu odzipereka kuti aiyese ndi kunena zolakwika. Woika beta si kasitomala amene wapatsidwa mphatso. Ndi woyesa amene wavomera kugona m'nyumba yopanda zitseko.

Ku Windows Insider kuli magawo. Mu 2023, Canary ndi Dev ndi omwe ankalandira zinthu zosapsa kwenikweni, Beta idali pakati, pomwe Release Preview idali pafupi ndi yomwe anthu onse ankayenera kudzalandira. Microsoft idasinthanso mtundu wa uthenga umene umaoneka kompyuta ikagwa: pa Windows yoyesera umakhala wobiriwira, kuti usasokonezeke ndi wa Windows yokhazikika.

2. Mavuto amachokera kuti?

Choyamba ndi madalaivala, timapulogalamu tomwe timalumikiza Windows ndi zipangizo monga pulinta kapena zokuzira mawu. Amapangidwa ndi makampani ena, ndipo pulogalamu yaikulu ikasintha iwo asanasinthe, mawu amazima kapena intaneti imaduka. Chachiwiri, mapulogalamu ena, makamaka a banki, amatha kukana kutseguka pa foni yomwe ili ndi beta. Chachitatu, batire imatha msanga chifukwa pulogalamuyo sinawongoledwe, komanso imakhala ikulemba ndi kutumiza malipoti. Pomaliza, zosintha zimabwera pafupipafupi, ndipo chimodzi chingadye magigabayiti angapo a bandulo yathu.

3. Zomwe zidachitika mu 2018

Pa 2 October 2018 Microsoft idatulutsa Windows 10 ya nambala 1809. Patangopita masiku ochepa idaiimitsa, chifukwa anthu ena adapeza kuti mafayilo awo a mu Documents ndi mafoda ena asowa. Vutolo lidagwera omwe adasamutsira mafodawa kumalo ena koma mafayilo ena n'kutsalira kumalo akale: pulogalamuyo inkafufuta foda yakaleyo poyesa kuti ndi yopanda kanthu. Kampaniyo idati okhudzidwa anali pafupifupi mmodzi mwa anthu 10,000 alionse omwe adaiika, ndipo idaitulutsanso pa 13 November itakonzedwa.

Chowawa n'chakuti oyesa ena anali atanena kale za vutoli mu Feedback Hub, koma malipoti awo anali ochepa ndipo adamira pakati pa madandaulo ena ambirimbiri. Pambuyo pake Microsoft idawonjezera njira yoti wodandaula azisonyeza kukula kwa vuto. Tikuphunzirapo ziwiri. Ngati yomwe idatulutsidwa kwa anthu onse idatha kufufuta mafayilo, nanga yoyesera? Komanso mkwiyo wa oyesa nthawi zambiri suchokera pa vuto lokha, koma pa kunena osamvedwa.

4. Kulowa n'kosavuta, kutuluka ndiye nkhani

Apa ndi pomwe ambiri amalirira. Windows imapereka masiku 10 okha obwerera ku yakale, ndipo kutuluka mu Canary kawirikawiri kunkafuna kuikanso Windows kuyambira pachiyambi. Pa Android, kusiya beta pakati pa ulendo kumafufuta zonse za mu foni. Pa iPhone, zomwe tasunga tili pa iOS yatsopano sizingabwezeretsedwe pa yakale. Walira mvula walira matope.

5. Nanga tichite chiyani?

Tisaike beta pa makina omwe timawadalira, makamaka mayeso kapena tsiku lopereka ntchito likayandikira. Ngati tili ndi chidwi chophunzira, ndipo kwa ophunzira za makompyuta chidwichi n'chabwino, tigwiritse ntchito kompyuta yakale kapena pulogalamu ngati VirtualBox, yomwe imalola kuyendetsa Windows ina mkati mwa yomwe tili nayo. Tisanayambe, tikopere mafayilo athu pa fulashi ndi pa intaneti, ndipo titsegule angapo kuti titsimikize kuti akopedwadi. Tiwerenge mndandanda wa mavuto odziwika womwe kampani imatulutsa pamodzi ndi beta iliyonse. Tionetsetsenso kuti batire yadzaza, chifukwa magetsi akazima ntchito ili pakati makina angathe kukana kuyaka.

Tikapeza vuto, tisangonyinyirika. Tilembe nambala ya pulogalamuyo, zomwe tinkachita, zomwe timayembekeza ndi zomwe zidachitika. Lipoti lomveka bwino lingapulumutse mafayilo a munthu amene sitidzamuona.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi mafayilo ati omwe tikawataya lero sitingawapezenso kwina kulikonse?
2. Kampani ili ndi udindo wanji kwa anthu omwe amaiyesera pulogalamu popanda malipiro?
3. Mnzathu watibwereka laputopu n'kuikamo beta osatiuza. Tikambirana naye bwanji?