Phunziro: Kulemba Mawu Mwachidule

Wophunzira wanga, lero tikambirana za zidule. Chidule ndi mawu kapena dzina lomwe lafupikitsidwa polemba kuti lisadye malo ndi nthawi. Ukalemba K500 m'malo mwa makwacha 500, walemba chidule. Mlaliki akalemba Yoh. m'malo mwa Yohane, nayenso walemba chidule. Umenewu ndi mtundu woyamba, wongodula mawu n'kusunga chiyambi chake chokha.

Mtundu wachiwiri ndi wotenga lembo loyamba la mawu aliwonse a m'dzina. Wailesi ya Malawi Broadcasting Corporation, yomwe idayamba mu 1964, timangoitchula kuti MBC. Malembo amenewa timawatchula limodzilimodzi.

Mtundu wachitatu ndi wa malembo omwe akalumikizana amawerengeka ngati dzina lenileni. ADMARC, bungwe logula ndi kugulitsa mbewu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1971, ndi chitsanzo chabwino. MANEB, bungwe loyendetsa mayeso, ndi chitsanzo china. Zidule zina zotere zimazika mizu mpaka kukhala mawu athuathu. Chidule cha AIDS lero timachilemba kuti Edzi.

Tsopano funso lalikulu nali: kodi chidule n'chololedwa liti? Yankho lake n'lakuti chidule chimaloledwa pamene wowerenga akuchidziwa. Ndibwerezenso, pakuti apa ndi pamene pagona phunziro lonse: muyeso wake ndi wowerenga. Iwe wolemba umadziwa kale chomwe ukutanthauza, koma iye ali ndi malembo okhawo amene wamupatsa.

Taona chitsanzo ichi. Ku Malawi kuli ESCOM, ku South Africa kuli Eskom, ndipo onsewa ndi mabungwe a magetsi. Ukalembera amalume ako okhala ku Johannesburg za bilu ya ESCOM osatchula dziko, akhoza kuganiza za kumene ali, pomwe iwe ukunena za kumudzi. N'chifukwa chake olemba bwino amatsata lamulo ili: koyamba lemba dzina lonse pamodzi ndi chidule chake, kenako ugwiritse ntchito chidule chokha.

Palinso zidule za pa foni. Uthenga umodzi wa SMS umalola malembo 160 okha, choncho anthu adazolowera kuchotsa malembo a liwu, omwe ndi a, e, i, o, u. Wina amalemba kma pofuna kunena koma, kapena zkm pofuna kunena zikomo. Pakati pa iwe ndi mnzako wa m'kalasi palibe mlandu. Koma polembera agogo, aphunzitsi kapena bwana amene ukupemphako ntchito, lemba mawu onse. Kuthokoza munthu wamkulu ndi malembo atatu kumaoneka ngati kupereka chinthu ndi dzanja limodzi. Pa mayeso a MSCE nawonso, wochonga amafuna kuona ngati ukudziwa kalembedwe koyenera.

Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Ukapulumutsa kamphindi polemba, koma wowerenga n'kutaya nthawi yaitali akufunsa tanthauzo, palibe chomwe mwapindula nonse awiri.

Ntchito yako ndi iyi. Tenga nyuzipepala imodzi, upezemo zidule zisanu. Pa chilichonse lemba dzina lake lonse, utchule mtundu wake, ndipo unene ngati mtolankhani adachifotokoza pomwe adachilemba koyamba. Ndikudziwa kuti uchita mwakhama, ndipo mawa tidzaonera limodzi.