Mwana wayezedwa chiwengo pakhungu: pepala likuti chiyani?

Poyeza chiwengo, adokotala amadontheza timadzi tochokera ku zakudya monga mtedza, mazira, mkaka, nsomba kapena soya pamkono kapena kumsana kwa mwana, n'kubayapo pang'ono ndi kasingano. Pakatha mphindi 15 mpaka 20 amaona ngati patuluka kachotupa konga polumidwa ndi udzudzu, ndipo amalemba kukula kwake m'mamilimita.

Papepalapo, yambani mwaona mizere iwiri yoyerekezera. Pomwe anadontheza madzi amchere sipayenera kutupa, koma pomwe anadontheza mankhwala otchedwa histamine payenera kutupa. Pakangokhala chete pa histamine, zotsatira zonse n'zosadalirika. Kawirikawiri zimatero mwana akakhala kuti anamwa mankhwala a chiwengo monga Piriton kapena cetirizine masiku apitawo, n'chifukwa chake muzitchula mankhwala onse asanayezedwe.

Chakudya amachilemba kuti "positive" kachotupa kake kakaposa ka madzi amchere ndi mamilimita 3 kapena kuposerapo. Apa mpamene makolo ambiri amasokonezeka. Kutupako kumangosonyeza kuti thupi likuchizindikira chakudyacho, osati kuti chimamuwenga mwanayo ndithu. Alipo ana amene khungu limatupa, koma dzira amadya bwinobwino. Chotupa chikakula, mpata woti chiwengo chilipodi umakulanso, koma kukulako sikunena kuti mwana adzadwala moopsa bwanji. Pakapanda kutupa, nthawi zambiri ndiye kuti chiwengo chobwera msangamsanga palibe.

Choncho pepala lisakuchititseni kuchotsa nsinjiro m'phala ngati mwana wakhala akudya popanda vuto. Kumumana mtedza, mazira ndi mkaka popanda chifukwa kumabwezera m'mbuyo kakulidwe kake, ndipo nthawi zina chiwengo chimayamba chifukwa chosiya chakudya nthawi yaitali. Koma chimene chinamutupitsapo milomo kapena kumutulutsa zidzolo atangodya, chisiyeni kaye, ndipo musamuyesenso kunyumba. Pakakhala chikaiko, madokotala amamudyetsa pang'onopang'ono kuchipatala, iwo akuyang'anira.

Pobwerera kwa adokotala, tengani kope lomwe mwalembamo zimene mwana anadya, mphindi zimene zinadutsa asanayambe kuvutika, ndi zimene munaona. Afunseni kuti mwanayo adzayezedwenso liti, pakuti chiwengo cha mkaka ndi mazira chimatha mwa ana ambiri akamakula, pomwe cha mtedza chimakonda kukhalitsa.

Mwana akatupa lilime, akamabanika, akasasa mawu kapena kulefuka atangodya, musadikire kuti Piriton agwire ntchito. Thamangirani naye kuchipatala, chifukwa chomwe chimapulumutsa moyo pamenepo ndi jakisoni wa adrenaline.