Kufufuta Chikopa: Luso Lisafe Pamodzi ndi Uzimba

Akuluakulu a kuno kwa Mfumu Zingalume amakumbukira nthawi imene alenje ankabwera ndi ntchefu, mphalapala kapena ngoma kuchokera ku uzimba. Nyama inkagawidwa m'mudzi, ndipo chikopa chinkasanduka nguwo, zingwe kapena chokutira ng'oma. Lero nyama zikuluzikuluzi zinasowa m'tchire mwathu. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 2015 limaletsa kusaka popanda chilolezo ndi kutchera misampha ya waya, ndipo wopezeka ndi chikopa cha nyama yotetezedwa popanda chikalata akhoza kumangidwa. Komabe luso lofufuta lingapitirire, pakuti mbuzi ndi ng'ombe zili m'makola mwathu. Mwatsoka, zikopa zambiri timaponyera agalu.

Ntchito imayambira pa kusenda. Mpeni ugwire ntchito pong'amba pokha. Pokanganula chikopa cha mbuzi, kankhani ndi chibakera. Bowo lililonse la mpeni limatsitsa mtengo wake.

Chachiwiri, palani mafuta ndi timinofu tonse tsiku lomwelo, chifukwa kuwola kumayambira pamenepo. Mukaona ubweya ukuthothoka wokha, dziwani kuti mwachedwa.

Chachitatu, ngati simufufuta msanga, pakani mchere mbali ya mnofu, wolemera ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a chikopacho. Chikungeni pa chimango cha mitengo ndi kuchiyanika pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa la mwezi wa Okutobala limaumitsa kunja kokha m'kati mukali chinyezi, ndipo chikopa chotero chimasweka pofufuta.

Chachinayi, ngati mukufuna chikopa chopanda ubweya, chiviikeni m'madzi a phulusa masiku angapo kufikira ubweya utayamba kuzuka ndi chala. Palani, kenaka tsukani mobwerezabwereza, chifukwa phulusa lotsalira limadya chikopa.

Chachisanu ndicho kufufuta kwenikweni. Phikani pang'ono bongo wa nyamayo m'madzi, muuphwanye ngati phala, ndipo mupake chikopa chikali chonyowa. Chipindeni chigone usiku umodzi. Mafuta a m'bongo amalowa pakati pa ulusi wa chikopa kuti usamatirirane pouma. M'mawa chifinyeni, muyambe kuchikoka ndi kuchipotokola, mukuchikhuza pa mtengo wosalala mpaka chiumire m'manja mwanu. Mukachisiya chisanaume, chidzalimba ngati khungwa. Apa mpofunika kuthandizana anthu awiri kapena atatu.

Pomaliza, chifukizeni ndi utsi wa nkhuni zofumbwa kapena zitsononkho, moto usayake. Utsi umachititsa kuti chikopa chikanyowa ndi mvula chisaumenso gwa.

Chenjezo lalikulu nali: musasende chiweto chofa chokha. Matenda a anthrax amalowa kudzera pakhungu la wosenda, ndipo tizilombo take timakhala m'chikopa chouma zaka zambiri. Mu 2011 anthu ambiri m'boma la Chama anadwala atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa ndi matendawa. Chiweto chikafa mwadzidzidzi, itanani alangizi a ziweto.

Ntchitoyi ndi yonunkha, koma si yonyozeka. Buku la Machitidwe limatiuza kuti mtumwi Petro anakhala masiku ambiri ku Yopa m'nyumba ya Simoni, munthu wofufuta zikopa. Mbuzi ikaphedwa pa ukwati, pa maliro kapena pa Khirisimasi, pemphani chikopacho. Yambani ndi chimodzi, ndipo mufunse nkhalamba ya m'mudzi mwanu ikuyang'anireni manja ikali moyo.