Phunziro 23: Msasa wa Ana Odwala Nthenda ya Shuga

Ananu, kodi mudaonapo nyerere zitaunjikana pamene mwana wakodza? Nthawi zina chimenecho ndi chizindikiro cha nthenda ya shuga. Mwana wogwidwa nayo amva ludzu losatha, akodza usana ndi usiku, naonda chinkana adya nsima yambiri. Sanalodzedwe ai. Kapamba wake waleka kupanga insulini, imene ithandiza thupi kusandutsa shuga wa m'mwazi kukhala mphamvu.

Kale ana otere ankafa msanga. Koma m'chaka cha 1921, ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best adapeza insulini, ndipo mu 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, adabayidwa nayo napulumuka.

Mankhwalawo sachotsa nthenda. Mwana ayenera kuphunzira kukhala nayo. Chotero mu 1925 dotolo Leonard Wendt adayambitsa msasa wa ana otere ku Michigan, m'dziko la America. M'misasa yotere ana asonkhana nyengo yotentha, sukulu zitatsekedwa. Aphunzira kudzibaya okha, kuyeza mwazi ndi kusankha zakudya. Asambira, asewera, ndipo yense aona kuti sali yekha.

Inu a ku Kamwendo, musadikire msasa. Mnzanu wodwala musamsale, pakuti nthendayi siipatsirana. Wobaya insulini akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, mpatseni madzi a shuga ali maso, nimuitane aphunzitsi msanga. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso
1. Tchulani zizindikiro zitatu za nthendayi.
2. Ana aphunzira chiani kumsasa?