PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KODI DZIKO LINO NDI MALOTO CHABE?

Tiwerenge: Genesis 1:26-31, Luka 24:36-43, Yakobo 2:14-17



Tikakhala pasiwa, kawirikawiri timauza anamfedwa kuti: "Limbani mtima, dziko lino ndi maloto, tonse tikungodutsa." Timanena izi ndi mtima wabwino. Koma lero ana athu asukulu akubwera ndi mawu omwewa ngati funso lenileni. Ena anaonera filimu ya The Matrix ya mu 1999, mmene anthu amakhala m'dziko lopangidwa ndi makina osadziwa. Ena anamva za Nick Bostrom, amene anali mphunzitsi wa ku Oxford ndipo mu 2003 analemba kuti n'kutheka kuti tonsefe tili m'kompyuta ya winawake. Mwana akakufunsani kuti, "Amayi, mukudziwa bwanji kuti Mulungu sakungotiganizira chabe?" mudzamuyankha chiyani?

1. Bishopu wathu anafunsapo kale

Funsoli silachilendo mu Mpingo wa Anglican. George Berkeley anabadwira ku Ireland mu 1685 ndipo anadzozedwa kukhala Bishopu wa Cloyne mu 1734. M'buku lake la mu 1710 anaphunzitsa kuti chinthu chimakhalapo chifukwa pali wina amene akuchiona kapena kuchimva. Tiyerekeze ndi mtondo wanu. Mwausiya m'khitchini, mwatseka chitseko, mwapita kumunda. Kodi ulipobe? Berkeley akanayankha kuti inde ulipo, chifukwa Mulungu akuuona nthawi zonse.

Ambiri anamuseka. Mu 1763 mlembi wotchuka Samuel Johnson anamenya mwala ndi phazi pofuna kusonyeza kuti mwalawo ndi weniweni. Koma Berkeley sananene kuti zinthu ndi zabodza. Iye anasiyanitsa zimene munthu amangoganizira, zomwe angathe kuzisintha mmene akufunira, ndi zimene Mulungu amatipatsa, zomwe zili ndi dongosolo lake ndipo sizimvera zofuna zathu. Mutha kuganizira moto osapsa, koma gwirani khala la pa mbaula muone. Ndipo njala yaikulu itagwa ku Ireland mu 1740 ndi 1741, Bishopuyu sanauze anthu kuti njalayo ndi maganizo chabe. Anathandiza osauka ndipo anayesetsa kusamalira odwala.

Mpingo sutikakamiza kuvomereza nzeru zonse za Berkeley. Koma pamfundo imodzi anakhoza: palibe cholengedwa chimene chimadziimira pachokha.

2. Kudalira Mulungu si kukhala maloto

Pa Akolose 1:17 ndi Ahebri 1:3 timaphunzira kuti Khristu ndiye agwiriziza zonse. Mulungu sanalenge dziko n'kulisiya ngati mmene mmisiri amasiyira mpando akamaliza kukhoma. Iye atati alitaye, lingathe lero lomwe.

Komabe kulenga ndi kulota ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wolota sasankha chimene alote, pomwe Mulungu analenga mwa kufuna kwake, nayang'ana ntchito yake, naikondwera. Maloto amatha wogona akadzuka, pomwe Salimo 121 likutiuza kuti Mlonda wathu alibe tulo. Ndiponso Mulungu anatipatsa ufulu weniweni, woti tikhoza kumumvera kapena kumukana, monga anachitira Adamu ndi Hava. Chithunzi cha m'maganizo sichingalape, ndipo sichifuna Mpulumutsi.

Mayi wina woyera mtima, Julian wa ku Norwich ku England, amene Mpingo wathu umamukumbukira pa 8 May, anadwala mwakayakaya mu 1373 ali ndi zaka 30. M'masomphenya anaona kanthu kakang'ono ngati kamtedza kali pachikhatho chake, ndipo anazindikira kuti kameneko ndi chilengedwe chonse. Anadabwa kuti kanthu kochepa chotere sikakutha bwanji. Yankho linali lakuti Mulungu anakapanga, amakakonda, ndipo amakasunga. Amayi, ndife ochepa ndi osalimba, koma tilipodi, pakuti chikondi cha Mulungu chatigwira.

3. Yesu anadya nsomba

Umboni waukulu kwa Mkhristu ndi thupi la Yesu. Mulungu sakanabadwa mwa Maria, kuyamwa, kutopa ndi kukhetsa mwazi chifukwa cha maloto. Atauka kwa akufa, ophunzira anayesa akuona mzukwa. Iye anawaonetsa manja ndi mapazi, nawauza kuti amukhudze, kenaka anadya nsomba yootcha iwo akuona.

Pachiyambi pa Mpingo panabuka anthu ophunzitsa kuti Yesu ankangooneka ngati ali ndi thupi, ndi kuti kuzunzika kwake kunali kongoyerekeza. Ignatius Woyera, Bishopu wa ku Antiokeya, anawatsutsa m'makalata amene analemba ali m'maunyolo pa ulendo wokaphedwa ku Roma, zaka zoposa 1,900 zapitazo. M'kalata yake kwa Akhristu a ku Smurna anaonanso chinthu china: anthu a chiphunzitso chimenechi sankasamala za amayi amasiye, ana amasiye, am'ndende, anjala ndi aludzu. Apa ndiye pagona nkhani. Amene akuti thupi si lenileni sachedwa kuiwala thupi la mnzake.

4. Nanga ife amayi?

Mary Sumner atayambitsa bungwe lathu la Mothers' Union mu 1876 ku Old Alresford, anasonkhanitsa amayi kuti azithandizana kulera ana ndi kusamala mabanja. Ntchito imeneyi ndi ya manja: kuphika phala, kusambitsa wodwala, kuchapa zofunda, kupeza fizi ya mwana wamasiye. Yakobo akutichenjeza kuti kufunira wanjala mafuno abwino osamupatsa chakudya ndi chikhulupiriro chakufa.

Choncho tisamale ndi mawu athu pamaliro. N'zoona kuti moyo ndi waufupi, koma mwamuna amene mnzathu wataya anali weniweni, misozi yake ndi yeniyeni, ndipo nkhokwe yake yopanda kanthu ndi yeniyeni. Timutonthoze ndi chiyembekezo cha kuuka kwa thupi, ndipo anthu akabalalika ife tibwerereko ndi ufa ndi nkhuni. Ndipo mwana wofunsa uja tisamukalipire. Timuuze kuti: "Inde mwanawe, Mulungu amakuganizira usana ndi usiku, ndipo n'chifukwa chake ulipo."

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi mawu ati amene timanena pasiwa omwe angachepetse chisoni cha mnzathu ngati kuti n'chosafunika?
2. N'chifukwa chiyani Yesu anapempha chakudya atauka?
3. Ndani m'parishi mwathu amene tinamupempherera koma sitinamuyenderebe? Tipita liti, ndipo titenga chiyani?

Pemphero

Atate Wakumwamba, munatilenga, mumatikonda, ndipo mumatisunga. Tsegulani maso athu kuti tione njala ndi misozi ya anzathu, ndipo limbitsani manja athu kuti tiwatumikire. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.